Mfuti ya agogo yapezeka pansi pa khola: kodi zigoba zake zingakonzedwenso?

Mdzukulu wa ku Furancungo:
Muli bwanji nonse akuluakulu a pa gulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Sabata yatha timagumula khola lakale la mbuzi kwa agogo, poti mizati yonse chiswe chinali chitamaliza. Tikukumba dzenje la mzati wa pakona, khasu linagunda chinthu. Kufukula, tinapeza mfuti yokulungidwa m'chikopa cha ng'ombe, yopakidwa mafuta omwe auma ngati phula. Pambali pake panali chitini, m'katimo muli zigoba za zipolopolo zoomba kale zokwana 23, ndi zipolopolo zinayi zosaomba. Amayi akuti ndi ya agogo aamuna, anaikwirira usiku womwe banja limathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni kuno ku Mozambique, ndipo atabwerako sanaifukulenso mpaka kumwalira. Nditapukuta pachitsulo pawoneka mawu akuti Espingarda Portugueza 6,5 Mod. 1904, ndipo pamwamba pali chisoti chachifumu ndi zilembo C ndi I. Vuto langa ndi nguluwe. Chaka chino zatithera chinangwa, ndipo chimanga cha kudimba zayamba kale. Ndinamvapo kuti kunja kuli anthu omwe amatenga zigoba zakale, kapena za mfuti ina, n'kuzikonza kuti zigwire ntchito pa mfuti yomwe zipolopolo zake zinasiya kupangidwa. Kodi n'zoona? Nanga zangazi zingatheke?

Msilikali Wakale wa ku Moatize:
Mwana wanga, tisanayambe za zigobazo, ndiyankheni izi. Mwaikoka culatra, chitsulo chija chotsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope, kuti muone ngati mulibe chipolopolo m'katimo? Ngati simunakoke, kapena yakana kukoka chifukwa cha dzimbiri, isiyeni momwemo. Musaimenye ndi nyundo, musaiwotche pamoto kuti ifewe, musasuzumire kukamwa kwake. Muiyese yodzaza mpaka wodziwa ataona. Zinayi zosaombazo zichotseni pomwe pamafika ana, kutali ndi mafuwa. Ine ndagwira mfuti zaka 9, ndipo anzanga omwe ndinawaona akuvulala tili pa kampu, ambiri inali mfuti yomwe aliyense ankati mulibe kanthu.

Woyang'anira gulu:
Achimwene a ku Furancungo, chithunzi chomwe munaika ndachichotsa poti nambala ya mfutiyo imawerengeka, komanso nyumba ya kwanu imaoneka kumbuyo. Gulu lino lili ndi anthu ambiri omwe sitikuwadziwa nkhope. Nkhani ipitirire, koma pano pasaikidwe miyeso ya onga kapena malonda a zipolopolo. Woika zimenezo ndimuchotsa.

Mdzukulu wa ku Furancungo:
Zikomo bambo. Culatra yakana kusuntha, ndiye ndaisiya. Ili m'nyumba ya malume, chitseko chokhoma.

Aphunzitsi Opuma a ku Ulongwe:
Mdzukulu, chomwe mwafukulacho ndi mbiri. Imeneyo ndi Mauser-Vergueiro. Anaiganiza ndi msilikali wa Chipwitikizi dzina lake José Alberto Vergueiro, koma kuisula anaisulira ku Berlin, ku fakitale ya DWM. Mukapukuta bwino m'mbali mwakemo muona dzina la fakitaleyo lalembedwa m'Chijeremani. Zilembo C ndi I zikuimira Carlos I, mfumu ya Portugal yomwe inaphedwa ku Lisboa mu 1908, mfuti zimenezi zili zatsopano. Anapanga pafupifupi 100,000. Imadya zipolopolo zisanu, ndipo chipolopolo chake amachitcha 6,5x58.

Mfuti zamtunduwu zayenda m'dziko muno. Mu November 1917 asilikali a Jeremani, motsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma nakantha Apwitikizi pa Negomano, n'kulanda mfuti ndi zipolopolo zambiri zomwe anapitiriza nazo nkhondo. Chaka chomwecho ndi chomwe kwa Báruè anthu a mfumu Makombe anaukira Apwitikizi, atatopa ndi kugwidwa mtengatenga ndi chibalo cha msewu, ndipo moto umenewo unafika mpaka ku chigwa cha Zambezi, kukafika ku Zumbo. Ndiye mukamaigwira mfutiyo dziwani kuti inabadwa agogo anu asanabadwe. Mufunse agogo aakazi kuti inafika bwanji m'manja mwa amuna awo.

AJere a ku Joni:
Ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito. Kwathu ndi kwa Dómuè koma ndili ku Johannesburg chaka cha 14, ndipo ntchito yanga ndi ya m'shopu yokonza mfuti za alenje. Funso lanu achimwene ndiliyankha moona, chifukwa mukapanda kumva zoona pano mukamva zabodza kwina.

Inde, zimachitika. Kuno mfuti ya Vergueiro imadziwika, poti boma la South Africa linalandira zambiri kwa Apwitikizi nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo zina zikadali m'manja mwa osunga zakale. Zipolopolo za 6,5x58 m'sitolo simungazipeze, ndiye omwe ali ndi chilolezo amapanga zigoba kuchokera ku za .270 Winchester kapena .30-06. Chifukwa chake n'chakuti thako la zigoba zimenezi n'lofanana pafupifupi ndi la 6,5x58, kungoti ndi zazitali, zimapitirira mamilimita 63. Chigoba chili ngati botolo, chili ndi thako, mimba, phewa ndi khosi. Amachikanikiza m'chikombole chachitsulo chomwe timati die, chosemedwa m'kati mofanana ndendende ndi chipolopolo chomwe akufunacho. Phewa limabwerera m'mbuyo, khosi limachepa, kenako amadula kuti chitsale mamilimita 58. Kumva kwake n'kosavuta. Koma abwana anga, omwe ayamba ntchitoyi ine ndisanabadwe, amatha tsiku lathunthu pa zigoba 20, ndipo zina amataya. Chilichonse amachiyeza ndi zipangizo zoona kachigawo ka milimita kochepa kuposa tsitsi. Phewa likabwerera mopitirira pang'ono pokha, chigoba chimatamuka poomba n'kuduka pafupi ndi thako, mpweya wamoto n'kubwerera kumaso kwa woombayo. Khosi likanenepa, poti mkuwa womwe unali phewa wasanduka khosi, limafinya chipolopolo osachilola kutuluka bwino, mphamvu n'kuchuluka m'kati.

Zonsezi ndikunena za zigoba zatsopano. Zanu zofukula m'kholazo ndi nkhani ina, ndibweranso ndikadya.

Wosula wa pa Zóbuè:
Ine ndili ndi makina osemera zitsulo, ndimapanga mabawuti a zigayo ndi a mathirakitala. Mutandipatsa chigoba chimodzi chabwino, chikombolecho sindingachiseme? Mkuwa ndi wofewa, ndimaupinda ndi manja.

AJere a ku Joni:
Amisiri, luso lanu sindikulikayikira, koma ichi chisiyeni. Poyamba, kupanga zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu, mukalowererapo mungatseketse shopu yomwe ikudyetsa ana anu. Chachiwiri, chigoba choomba kale sichikhala pa muyeso wake woyamba, chimatupa kutsata mimba ya mfuti yomwe chinaombedwamo, ndiye mukatengera pamenepo mwatengera cholakwika.

Za kufewa kwa mkuwa mwanenazo ndi pomwe pagona nkhani. Chigoba si mkuwa wokhawokha, ndi magawo 70 a mkuwa ndi 30 a zinki. Inu mukudziwa zomwe waya amachita mukamupinda uku ndi uku pamalo amodzi: amalimba, kenako amathyoka. Chigoba n'chimodzimodzi. Kuchiomba, kuchikanikiza, kuchiombanso, khosi limauma mpaka kung'aluka. N'chifukwa chake odziwa amafewetsa khosi ndi phewa ndi moto. Koma thako silifunika kufewa ngakhale pang'ono, chifukwa ndi lomwe limatchinga mphamvu yonse. Munthu akaponya chigoba chonse pa makala kuti chifewe, wapanga chinthu chomuphulikira pamphuno. Ndipo ndi maso simungasiyanitse chabwino ndi chowonongeka, zonse zimawala mofanana mukazikwecha.

Mlenje wa ku Chifunde:
Ana inu mukuopsezana. Ife takula tikuthira tokha onga mu gogodera, bambo anga apha nazo nguluwe ndi mphalapala zosawerengeka, amwalira ndi zala zawo zonse khumi. Mfuti ndi mfuti. Mnyamatayu munda ukutha, inu mukumuuza za mamilimita.

Msilikali Wakale wa ku Moatize:
Akulu anzanga, bambo anu anali ndi mwayi komanso ankaidziwa gogodera yawo. Koma inunso mukudziwa kuti m'midzi yathu muli anthu a dzanja limodzi ndi diso limodzi chifukwa cha gogodera yomweyo. Kwathu kunali wina, mpope unang'ambika ngati nthochi.

AJere a ku Joni:
Bambo a ku Chifunde, ndikupatsani ulemu wanu, munda kutha ndi njala yeniyeni ndipo palibe akuchepetsa zimenezo. Koma gogodera ndi Vergueiro n'zosiyana ngati ngolo ndi lole. Onga wakuda wa gogodera mphamvu yake ndi yochepa, utsi ndiye wambiri. Mfuti ya 1904 inapangidwira onga wopanda utsi, ndipo poomba m'kati mwake mumafika mphamvu ya ma bar 3,000 kapena kuposa. Tayala la galimoto timapopa ma bar awiri kapena atatu basi. Mphamvu yonseyo imachitikira chikhatho chimodzi kuchokera pa diso la munthu, ndipo chomwe chimatseka kuti isabwerere ndi kachigoba komweko.

Tsono za zigoba 23 zija. Achimwene, mwati zinali pansi pa khola la mbuzi, eti? Tengani chimodzi muyang'ane pakhosi padzuwa. Ndikukhulupirira mupeza timing'alu toyenda chotsika. Mkodzo wa ziweto umatulutsa ammonia, fungo lija limalasa m'mphuno mukalowa m'khola m'mawa, ndipo ammonia ndi mdani wa mkuwa wosakaniza ndi zinki womwe unakanikizidwapo. Angerezi anaziona ku India. Ankasunga zipolopolo m'makola a akavalo nthawi ya dzinja, pozitulutsa n'kupeza makosi ang'aluka okha osaombedwa. Anakhala zaka akuganiza kuti ndi nyengo, mpaka mu 1921 pomwe akatswiri anasonyeza kuti ndi mkodzo wa akavalo. Zanuzo zagona pansi pa mbuzi zaka zoposa 30.

Palinso china. Suzumirani m'kati mwa chigoba ndi tochi. Mukaona timabowo tiwiri pansi, ndiye kuti ndi cha mtundu wa Berdan, ndipo za asilikali a ku Ulaya pafupifupi zonse zinali choncho. Omwe amadzazanso zipolopolo masiku ano amafuna za mtundu wa Boxer, za bowo limodzi pakati, poti kapulaima kake, kabatani ka pathako koyatsa onga, kamachoka mosavuta ndipo katsopano kamapezeka. Chodabwitsa n'chakuti Berdan anali wa ku America koma njira yake inakakhazikika ku Ulaya, pomwe Boxer anali Mngerezi ndipo yake inakakhazikika ku America. Komanso mapulaima akale ena anali ndi mercury yemwe amalowerera mu mkuwa poomba n'kuufumbutsa, ndipo ambiri ankasiya mchere mu mpope. Ngati agogo anaomba komaliza osatsuka ndi madzi, m'kati mwa mpopemo dzimbiri ladya kale, ngakhale kunja kukuoneka bwino chifukwa cha mafuta aja.

Mdzukulu wa ku Furancungo:
AJere mwalasa. Ndatenga zisanu kupita nazo panja, zitatu zili ndi ming'alu pakhosi, china ndangochifinya ndi zala chabenthuka. Timabowo ndi tiwiri. Mtima wanga wagwa ndithu.

Aphunzitsi Opuma a ku Ulongwe:
Ndiwonjezereko chomwe aJere angachitsimikize. Mu 1939 Apwitikizi anasintha zambiri mwa mfuti zimenezi kuti zizidya chipolopolo chachikulu cha 7,92x57, chomwe asilikali awo anali atayamba kugwiritsa ntchito, ndipo mpope anaufupikitsa. Ndiye zolembedwa pachitsulo si umboni wokwanira wa chomwe mfutiyo imadya lero.

AJere a ku Joni:
N'zoona aphunzitsi. Mfuti yakale ikabwera m'shopu, abwana sakhulupirira zolembedwa. Amathira chitsulo chosungunuka msanga m'mimba mwa mfutiyo, chikauma amachitulutsa n'kuchiyeza, ndiye amadziwa chipolopolo chake chenicheni. Akatero amayeza mpata wa pakati pa culatra ndi phewa, amaunika mpope wonse, ndipo ikakhala yokayikitsa kuomba koyamba amaimangirira pa chitsulo n'kukoka ndi chingwe ali kuseri kwa khoma. Ameneyo ndi munthu wa zida zonse ndi mapepala onse. Kumudzi kwathu zimenezi tizitenga kuti?

NaPhiri wa kwa Dómuè:
Ine ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhulepo ngati mayi. Amuna inu mukukamba za mkuwa ndi mamilimita, ine ndikamva mawu oti mfuti yofukula pansi m'mimba mumandiwotcha. Tinathawa mu 1986 ndili ndi zaka 11, usiku, kudutsa m'mapiri mpaka ku Dedza, mng'ono wanga ali kumbuyo kwanga poti amayi ananyamula ufa ndi poto. Takhala m'misasa zaka 7 tikudya nandolo wa chithandizo. Pobwerera tinapeza pomwe panali nyumba pamera mitengo. Mchimwene wanga wamkulu sanabwerere, ndipo manda ake sitiwadziwa. Agogo anuwo, mwana wanga, anabwerako ku Malawi, anakhala pamudzipo zaka, ankadutsa pakholapo tsiku ndi tsiku. Nguluwe zinaliponso nthawi imeneyo. Bwanji sanaifukule? Ine ndikuona kuti anaiika m'manda dala. Musadzutse chomwe mwini wake anagoneka.

Msilikali Wakale wa ku Moatize:
Mayi mwanena zomwe ine ndimalephera kunena. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, tinapereka mfuti zathu, koma tonse tikudziwa kuti zambiri zinatsala m'maenje ndi m'mapanga. Ine yanga nditapereka ndinagona tulo tomwe ndinali nditatiiwala.

Mlenje wa ku Chifunde:
Za nkhondo tonse zinatikhudza, inenso ndinakhalako ku Zambia ngati wothawa. Koma iyi si AKM, mfuti ija ya pankhondo, ndi chuma cha banja. Akaipereka aiphwanya, mbiri ya agogo ake ithera pomwepo. Mwana adzaonetsa chiyani adzukulu ake?

Mdzukulu wa ku Furancungo:
Apa ndi pomwe pandivuta bambo. Dzulo usiku ndinakhala pansi ndi agogo aakazi monga ananenera aphunzitsi. Poyamba anangoti zakale zimenezo. Kenako anayamba okha. Akuti agogo aamuna anali sipayo, wapolisi wa atsamunda, pa posto nthawi ya Apwitikizi. Ankayenda m'midzi kugwira omwe sanakhome msonkho ndi otengedwa chibalo, ndipo akuti mbalamatodya, thabwa lomenyera anthu m'manja, anaigwirapo ndi manja awo. Ufulu utabwera mu 1975 anthu ena pamudzi sankawapatsa moni kwa zaka. Agogo akuti amuna awo sankafuna kuti ana adziwe. Ine ndakula ndikuwadziwa ngati mkulu wa mpingo wofatsa yemwe ankatisemera mipini. Usiku wonse sindinagone.

Aphunzitsi Opuma a ku Ulongwe:
Mdzukulu, pepani, koma ndikuthokoza kuti mwanena poyera. Mabanja ambiri kuno ali ndi nkhani ngati yanuyi, amangoikhalira. Masipayo anali ana a m'midzi momwemu. Ena analowa pothawa chibalo chomwecho, ena pofuna yunifolomu ndi ulemu, ena anachita kulozedwa ndi mfumu. Zowawa zomwe anachitira anzawo n'zoona, ndipo sitizifufuta. Mkulu wofatsa wosema mipini uja nayenso ndi woona. Ine bambo anga anabwera ku posto manja atatupa osatha kugwira nsima sabata yathunthu, ndipo yemwe anawamenya tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi mpaka ukalamba wawo. Tsiku la maliro a bambo anabwera, anakhala kumbuyo, anagwira nawo fosholo.

Kwa a ku Chifunde ndinene kuti mbiri sikhala m'chitsulo mokha. Mdzukulu, tengani foni mujambule mawu a agogo aakazi akadali moyo, afotokoze zonse, mayina a midzi, zaka, njira yomwe anadzera pothawa. Ikani pepala pamwamba pa zolembedwa zija mukhwekhwereze ndi pensulo, chisoti ndi zilembo zituluka bwinobwino. Chimenecho mungachiike m'Baibulo la banja popanda wokufunsani chilolezo.

Ndikumbutsenso kuti dziko lathu linayambitsa chinthu chomwe chinamveka mpaka kunja. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba ntchito ya Transformação de Armas em Enxadas, kutanthauza kusandutsa mfuti kukhala makasu, dzina lochokera pa Yesaya 2:4. Munthu ankapereka mfuti n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri a ku Maputo anawotcherera zidutswa zake kukhala zosema. Mpando wopangidwa ndi mfuti komanso mtengo waukulu wa zidutswa za mfuti zinakafika mpaka ku British Museum ku London.

Woyang'anira gulu:
Pa za malamulo, kuti pasakhale kusokonezana. Mfuti ndi zipolopolo m'dziko muno zimayendera Decreto 8/2007, ndipo lisensa imachokera ku PRM, apolisi a dziko lino. Kusunga mfuti yopanda mapepala ndi mlandu, ngakhale ikhale ya malemu agogo, ngakhale ikhale ya dzimbiri. Kudzipangira zipolopolo ndi mlandu winanso pamwamba pake. Zomwe akufotokoza aJere zikuchitika ku South Africa pansi pa malamulo a kumeneko, kwa anthu a mapepala awo. Kusaka nakonso kuli ndi chilolezo chake.

Msilikali Wakale wa ku Moatize:
Ndipo mwana wanga, musainyamule nokha kukwera nayo chapa kapena njinga yamoto kuti mukukapereka. Akakuimitsani panjira mudzafotokoza chiyani? Yambani mwauza malume anu poti ndiwo mwini mbumba, mupite nawo kwa amfumu, kenako nonse mukanene ku komando ya apolisi muli chimanjamanja. Mukanene momwe mwaipezera, tsiku lake, ndi omwe analipo pofukula. Eni ake adzabwera kudzaitenga, pamodzi ndi zinayi zija.

Mlimi wa ku Mágoè:
Nkhani ya mfuti yakambidwa mokwanira, ine ndibwerere ku nguluwe poti ndi zomwe zamubweretsa mnyamatayu. Kuno timalimbana ndi njovu ndi mvuu, nguluwe ndi zazing'ono. Ndipo ndikuuzeni, ngakhale mukanakhala ndi mfuti yabwino, nguluwe imabwera pakati pa usiku, mumdima, m'chimanga chotalika kuposa munthu. Mumangoona mapesi akugwedezeka. Angati aombera mnzawo kapena ng'ombe ya mnansi poyesa nguluwe? Ndipo yovulazidwa ndi yoopsa kuposa yabwinobwino, imabwerera pa iwe.

Chomwe chimathandiza ndi ngalande. Kumbani mozungulira dimba, yakuya kufika m'chiuno, khoma la mbali ya munda likhale loongoka, dothi muunjike mbali ya mundayo. Ndi ntchito yowawa, koma mukapangana eni madimba oyandikana n'kukumba imodzi yozungulira onse, sabata ziwiri mwamaliza. Onjezani chilindo, muzisinthana kugona, agalu awiri atatu, ndi zitini zomangirira pa waya. Malo a zitini muzisintha, chifukwa nguluwe ikazolowera phokoso la malo amodzi imadutsa osalabadira. Kwa njovu ife timapaka tsabola wosakaniza ndi oyilo wakutha pa zingwe ndi nsanza, ndi kufukiza ndowe zosakaniza tsabola. Zikanyanya kanenani ku SDAE, ofesi yoona zaulimi m'boma lanu, nkhani za nyama zowononga minda zimadzera kumeneko, ndipo muzipita ngati mudzi osati munthu mmodzi.

Mlenje wa ku Chifunde:
Za ngalande ndikuvomera, bambo anganso ankakumba. Kungoti mtima umawawa kuona mfuti yoteroyo ikupita. Koma poti zigoba zake zafumbwa, ndipo mayi a kwa Dómuè alankhula, ine ndakhala chete. Chinangwa muzibzala pakati, kunja muzunguliza fodya, nguluwe sizimukonda.

Wosula wa pa Zóbuè:
Ine ndamva aJere, chikombole ndachisiya. Koma nkhani ya ammonia yandithandiza pena. Ndimadabwa chifukwa chake timipopi ta mkuwa ta mapampu opopera mbewu timang'aluka kwa alimi omwe amasunga pampu m'chipinda chimodzi ndi matumba a feteleza. Ndiziwauza azisiyanitsa.

AJere a ku Joni:
Mwagwira mfundo amisiri, feteleza wa urea akanyowa amatulutsa fungo lomwelo. Achimwene a ku Furancungo, zigoba zopanda kanthuzo nazonso muzionetse kwa apolisi pamodzi ndi zinazo, musabise china. Koma musanapereke jambulani pansi pake. Zambiri za asilikali zimakhala ndi zilembo za fakitale ndi chaka chomwe zinapangidwa. Munditumizire kumbali, ndikawafunsa abwana akuuzeni komwe zinachokera, mudzalembe pa pepala lomwelo la pensulo.

Mdzukulu wa ku Furancungo:
Akuluakulu, ndabweranso patatha masiku asanu. Malume anaitanitsa abale Loweruka, tinakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka. Ena ankafuna tiikwirirenso pomwepo tikhale chete. Agogo aakazi ndi omwe anadula nkhani, anati yagona pakhomo pano mokwanira, ichoke iwo akadali ndi maso. Lolemba ine, malume ndi amfumu tinapita ku komando opanda kanthu m'manja monga munanenera bambo a ku Moatize. Anatifunsa mafunso, analemba, ndipo Lachiwiri anabwera awiri kudzaitenga. Mmodzi anaithira mafuta n'kulimbana nayo mpaka culatra inatseguka. Munali chipolopolo m'kati. Tsiku lofukula lija mphwanga wa zaka 12 anaiika paphewa akuloza anzake, ife tikuseka. Malume ataona chipolopolocho anangokhala pansi pa dothi.

Pepala la pensulo ndapanga awiri, lina ndapatsa amayi. Agogo ndawajambula mawu usiku utatu, ndipo akuti sanamalize, mawa akufuna kunena za ulendo wa ku Malawi. AJere, zithunzi ndatumiza. Bambo a ku Mágoè, tagwirizana mabanja asanu ndi limodzi, ngalande tiyamba Lachinayi kumbali ya kumtsinje komwe zimalowera. Kodi m'lifupi mwake ikhale yotani kuti yaikulu isalumphe?

Mlimi wa ku Mágoè:
Mutambasule dzanja limodzi kuchokera paphewa, muwonjezereko pang'ono. Pansi pakhale popapatiza kuti ikagweramo isapeze pothamangira. Mvula yoyamba ikagwa mukaiyendere yonse, pomwe pagumuka mukonze tsiku lomwelo, chifukwa zimayendera m'mbali kufuna pogumukapo. Musiye polowera anthu pamodzi pokha, muikepo thabwa lochotsa madzulo.

NaPhiri wa kwa Dómuè:
Mwana wanga, mukawapatse moni agogo. Mukawafunse ngati pothawa anadzera ku Calómuè kapena njira ya m'mapiri, mwina tinagona msasa umodzi.